Mafunso ndi mayankho: kuinvesita n'kutani kwenikweni, nanga ma investment trust amayenda bwanji?

Masiku ano aliyense akuti akuinvesita, wa banki m'khonde akuti akuinvesita, wogula malo ku Chileka akuti akuinvesita, ngakhale mnyamata uja amangokhalira kubetcha mpira pa foni nayenso akuti ndi investment. Ndiye tiyeni tiongole kaye nkhaniyi, kenako tilowe ku ma investment trust omwe anthu akhala akufunsa kwambiri.

Kodi kuinvesita n'kutani, kukusiyana pati ndi kusunga ndalama?

Kusunga ndiye kuyika ndalama pambali kuti mudzazipeze momwe munazisiyira, kaya ku akaunti ya ku banki kaya pa foni. Kuinvesita ndi kugula chinthu chomwe chizikugwirirani ntchito, chizibweretsa ndalama pomwe inu mukuchita zina, ndipo mukuvomereza kuti mwina chikhoza kuluza. Mukagula njinga ya moto n'kupatsa mnyamata kuti azichita kabaza, mwainvesita. Mukagula masheya a kampani ndiye kuti mwagula kachigawo ka kampaniyo, ikapanga phindu inunso muli momwemo, ikagwa mwagwa nayo. Mukabwereketsa boma ndalama pogula ma treasury bill kapena ma bond, boma limakubwezerani ndi chiwongoladzanja, nakonso n'kuinvesita.

Phindu lake limabwera njira ziwiri basi. Yoyamba ndi ndalama zomwe chinthucho chimakupatsani mukadali nacho, monga renti ya nyumba, chiwongoladzanja, kapena dividendi yomwe kampani imagawa kwa eni masheya. Yachiwiri ndi kukwera kwa mtengo wa chinthucho, munagula pa K100 lero anthu akufuna pa K150. Funso lomwe mungadzifunse pa chilichonse chomwe wina akukuuzani kuti muyikemo ndalama ndi lakuti, phindu lakelo likuchokera kuti? Ngati yankho lake ndi "kwa anthu ena omwe ajoine pambuyo panu" thawani, palibe chikugwira ntchito pamenepo.

Bwanji osangosunga ku banki, si ndiye kotetezeka?

Kotetezeka inde, m'njira yakuti nambala siitsika. Koma zomwe nambalayo ingagule ndi zomwe zimatsika. Tiyerekeze mwasunga K1,000,000 ndipo banki yakupatsani 10 peresenti, chaka chikatha muli ndi K1,100,000, mukusangalala. Koma ngati mitengo ya zinthu yakwera ndi 30 peresenti chaka chomwecho, katundu yemwe mukanagula ndi miliyoni ija pano akufuna K1,300,000. Mwasauka muli chimwemwetere. Ndipo izi si zongopeka, ku Malawi mu 2024 mitengo inakweradi mopitirira 30 peresenti, komanso mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, dola imodzi kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700. Amene anali ndi ndalama zongokhala anadzuka m'mawa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake yogulira dola litapita.

Sikuti musasunge ayi. Ya matenda, ya maliro, ya fizi ya temu ikubwerayi, imeneyo ikhale posavuta kutenga. Yoinvesita ndi ija simuifuna zaka zisanu kapena kuposa apo.

Chabwino, nanga investment trust ndi chani?

Ndi kampani yomwe bizinesi yake ndi kugula masheya a makampani ena, kapena ma bond, nyumba, malo opangira magetsi a dzuwa ndi mphepo, zoterozo. Siipanga sopo, siigulitsa shuga. Imasonkhanitsa ndalama kwa anthu kamodzi poyamba, n'kuwapatsa masheya, kenako n'kulemba ntchito akatswiri oti azisankha koyika ndalamazo. Masheya a trust-yo amagulitsidwa pa msika wa masheya ngati a kampani ina iliyonse, ambiri ali pa London Stock Exchange. Ndiye inu mukagula sheya imodzi ya trust mwagula tizidutswa ta makampani makumi, nthawi zina mazana, ulendo umodzi.

Dzina lake lisakupusitseni, mwalamulo ndi kampani ndithu, ili ndi bodi ya madayirekitala ndipo eni masheya amavota pa msonkhano wa pachaka.

Zinayamba liti, si zachilendo izi?

Ndi zakale kwambiri kuposa momwe ambiri amaganizira. Yoyamba inakhazikitsidwa ku London mu 1868, inkatchedwa Foreign & Colonial Government Trust, ndipo m'modzi mwa oyambitsa ake anali loya Philip Rose. Ganizo lake linali lakuti munthu wa ndalama zochepa apeze mwayi womwe olemera anali nawo, woyika ndalama m'malo ambiri osati pamodzi. Inayamba ndi kugula ngongole za maboma a mayiko osiyanasiyana. Ilipobe mpaka lero, dzina ndi F&C Investment Trust, ndipo pano ili ndi masheya m'makampani mazana a dziko lonse. Yadutsa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, kugwa kwa msika kwa 1929, mavuto a mabanki a 2008, ikadali chilili.

Anthu a ku Scotland ndiye anazitengera pamwamba zinthuzi. Ku Dundee kunali ndalama zambiri zochokera ku mafakitale a ziguduli, ndipo mu 1873 Robert Fleming anayambitsa trust yoyika ndalamazo ku America, makamaka ku njanji. Alliance Trust inayambanso ku Dundee komweko mu 1888, ndipo mu 2024 inaphatikizana ndi Witan. Ina yotchuka ndi Scottish Mortgage ya ku Edinburgh, inayamba mu 1909 pobwereketsa ndalama kwa olima mitengo ya labala ku Malaya ndi ku Ceylon, koma inadzatchuka ndi kugula masheya a makampani a ku America monga Amazon, Tesla ndi SpaceX. Za mortgage zinangotsala m'dzina.

Zikusiyana bwanji ndi unit trust? Ine ndimangoona ngati n'zimodzi

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse ndiye tikhalitsepo.

Zonse ziwiri zimasonkhanitsa ndalama za anthu ambiri n'kuziyika m'malo ambiri. Kusiyana kuli pakhomo lolowera ndi lotulukira. Mu unit trust, monga ya Old Mutual yomwe ambiri ku Malawi amaidziwa, mukabweretsa ndalama amakupangirani mayuniti atsopano, thumba limakula. Mukafuna kutuluka iwo eni ake amakubwezerani ndalama, thumba limachepa. Ndiye ngati anthu ambiri afuna kutuluka tsiku limodzi, manijala amakakamizika kugulitsa katundu, afune asafune, mtengo ukhale wabwino kapena woyipa.

Mu investment trust khomo lija ndi lotseka. Masheya alipo nambala yake yodziwika. Mukafuna kulowa mumagula kwa munthu wina amene akutuluka, mukafuna kutuluka mumagulitsa kwa wina amene akulowa, ndalama zomwe zili m'katimo sizikhudzidwa. Zili ngati anthu khumi asonkherana kugula chigayo, m'modzi akatopa nazo sauza anzake kuti gulitsani injini mundipatse zanga, amapeza munthu woti agule gawo lakelo, chigayo n'kumagayabe.

Ubwino wake umaoneka zinthu zikavuta. Mu 2016, anthu a ku Britain atavota kuti atuluke mu European Union, matumba angapo otseguka ngati unit trust omwe anali ndi nyumba za maofesi ndi mashopu anatseka zitseko, anthu osatha kutenga ndalama zawo kwa miyezi, chifukwa nyumba ya ofesi siigulitsika Lachiwiri masana ngati tomato. Mu June 2019 thumba la Neil Woodford, yemwe panthawiyo ankatengedwa ngati katswiri wa akatswiri, linayimitsidwanso chifukwa anthu ankatuluka ambiri pomwe iye anali atayika ndalama zambiri m'makampani ovuta kugulitsa, mapeto ake linathetsedwa. Yemweyo ankayendetsanso investment trust, ndipo anthu a kumeneko nawonso analuza kwambiri, koma iwo ankatha kugulitsa tsiku lililonse, kungoti pa mtengo wowawa. N'chifukwa chake katundu wovuta kugulitsa msanga, nyumba, misewu, makampani omwe sali pa msika, amakwanira bwino mu investment trust.

Ndimamva za discount ndi premium, n'chiyani chimenecho?

Investment trust ili ndi mitengo iwiri, ndipo ambiri oyamba kumene amasokonekera apa. Woyamba ndi mtengo wa katundu amene ali m'kati, mukawerengera zonse zomwe trust ili nazo, n'kuchotsa ngongole, n'kugawa ndi nambala ya masheya. Umenewo amautchula kuti NAV. Wachiwiri ndi mtengo womwe anthu akugulitsirana sheyayo pa msika lero, womwe umayendera kuti ogula achuluka kapena ogulitsa ndiwo achuluka.

Tinene kuti NAV ndi K1,000 pa sheya koma pa msika ikupita pa K850, ndiye kuti ili pa discount ya 15 peresenti, mukugula katundu wa K1,000 pa K850. Ikakhala pa K1,100 ndiye premium, mukulipira moonjeza chifukwa anthu akuyilimbirana.

Ndiye munthu amati basi ndizingogula za discount, ndalemera. Dekhani. Discount ikhoza kukhala pomwepo zaka ndi zaka, ikhozanso kukula, munagula pa 15 mawa ili pa 30, ndiye mwaluza ngakhale katundu wa m'kati sanasinthe. Nthawi zina anthu akuithawa pa zifukwa zomveka, mwina sakukhulupirira kuti nyumba kapena makampani omwe ali m'katimo ndi a mtengo womwe walembedwa m'mabuku. Ine premium ndi yomwe ndimaiopa kwambiri, chifukwa kugula pa premium ndiye kuti mwafika mochedwa paphwando, ndipo chikondi cha msika chikatha mumamenyedwa kawiri, katundu watsika komanso premium yasanduka discount. Mabodi ena amayesa kuchepetsa discount pogula masheya a trust yawo yomwe pa msika, zimathandiza koma si nthawi zonse.

Eti amaloledwa kutenga ngongole? Si zoopsa zimenezo?

Amaloledwa, ndipo ndi chinthu china chowasiyanitsa ndi ma unit trust ambiri. Amakongola ndalama kuti agule katundu wochuluka, amati gearing. Taonani masamu ake. Trust ili ndi 100 miliyoni ya eni masheya, yakongola 20 miliyoni, yayika zonse 120 miliyoni pa msika. Msika ukakwera ndi 10 peresenti zafika 132, kuchotsa ngongole ija kwatsala 112, eni masheya apindula 12 m'malo mwa 10. Koma msika ukatsika ndi 10 peresenti zafika 108, kuchotsa 20 kwatsala 88, aluza 12. Apo sitinawerengere chiwongoladzanja cha ngongoleyo.

Ngongole yochepa si vuto. Yochuluka ndi yomwe inagwetsa mtundu wina wa ma trust otchedwa split capital ku Britain cha m'ma 2001 ndi 2002, omwe anali atakongola kwambiri komanso ankagulana masheya okhaokha, imodzi itagwa inakoka zinzake, ndipo anthu wamba ambiri omwe anauzidwa kuti n'zotetezeka analira.

Nanga dividendi imabwera bwanji?

Apa ndi pomwe ma investment trust amawina mitima ya anthu opuma pantchito. Lamulo la ku Britain limawalola kusunga mpaka 15 peresenti ya ndalama zomwe alandira pa chaka, zotsalazo ayenera kugawa. Ndiye chaka chabwino amabisako pang'ono, chaka choyipa amatapa pomwe anabisa paja n'kulipirabe. Mu 2020 nthawi ya Covid makampani ambiri akuluakulu anadula dividendi, mabanki a ku Britain anachita kuuzidwa kuti asagawe, koma ma trust angapo anapitiriza kukweza yawo chifukwa cha nkhokwe imeneyi. City of London Investment Trust yakhala ikukweza dividendi chaka chilichonse kuyambira m'ma 1960. Bungwe la ma trust la AIC lili ndi mndandanda wa omwe akweza kwa zaka 20 kapena kuposa mosadukiza.

Koma dividendi si lonjezo, ndipo si ma trust onse amene cholinga chawo ndi kugawa. Ena ngati Scottish Mortgage amagawa kochepa kwambiri chifukwa akusaka kukula kwa mtengo.

Ndingaluze ndalama zanga zonse?

Zonse n'zovutirapo ngati trust yayika m'makampani ambiri osiyanasiyana, chifukwa pafunika onsewo agwe limodzi. Koma kuluza theka n'zotheka kwabasi, ngakhale ku trust yotchuka. Scottish Mortgage inakwera modabwitsa mu 2020, anthu anathamangira, inafika pamwamba kumapeto kwa 2021, kenako chiwongoladzanja chitayamba kukwera dziko lonse masheya a makampani a tekinoloje anagwa ndipo iyo inatsika kupitirira theka. Amene anagula zaka khumi m'mbuyomo anali adakali pa phindu, amene anagula atamva kwa anzake pa WhatsApp kuti yatentha ndi amene anapsa. Palibe boma kapena inshulansi yomwe imakubwezerani mtengo ukatsika, ngoziyo ndi yanu.

Manijala akamalephera ndani amamuchotsa?

Bodi. Ili ndi mphamvu yochotsa kampani yoyendetsa ndalama n'kulemba ina, kukambirana kuti fizi yomwe manijala amadula itsike, ngakhale kutseka trust n'kubweza ndalama kwa eni ake. Ndipo bodiyo imasankhidwa ndi inu eni masheya. Anthu ambiri savota, amaona ngati kavoti kawo n'kachabe, koma taonani zomwe zinachitika kumayambiriro kwa 2025. Kampani ya ku New York ya Saba Capital, ya Boaz Weinstein, inagula masheya ambiri m'ma trust asanu ndi awiri omwe anali pa discount n'kuyitanitsa misonkhano kuti ichotse mabodi ake. Anthu wamba anatuluka mwaunyinji kukavota ndipo Saba inaluza mavoti onse asanu ndi awiri. Kaya mbali yolondola inali iti, mabodi ambiri anadzidzimuka n'kuyamba kulimbana ndi ma discount awo.

Ku Malawi ziliko zimenezi?

Iliko, National Investment Trust, pa msika imalembedwa kuti NITL. Inabwera kudzera mu ndondomeko ya boma yogulitsa makampani ake, cholinga chinali chakuti Amalawi wamba akhale ndi gawo m'makampani akuluakulu, ndipo inalowa pa Malawi Stock Exchange mu 2005. Ndi yotseka khomo ngati za ku London zija, imayendetsedwa ndi NICO Asset Managers, ndipo ndalama zake zambiri zili m'masheya a makampani a pa msika womwewo, mabanki ndi ena akuluakulu. Ndiye kwa munthu amene sakudziwa kuti agule banki iti kapena kampani iti, sheya imodzi ya NITL imamupatsa pang'onopang'ono pa zambiri.

Chofunika kudziwa n'chakuti msika wathu ndi waung'ono. Unakhazikitsidwa mu 1994, kampani yoyamba kulowa inali NICO mu 1996, ndipo mpaka pano makampani ake ndi owerengeka, mabanki ndi amene atenga malo aakulu. Ndiye kugawa ngozi kwake kuli ndi malire, chaka chikawavuta mabanki trust nayonso imva kuwawa, komanso zonse zili mu kwacha.

Ndingagule bwanji?

Ku Malawi mumadutsira kwa stockbroker wovomerezeka, monga Stockbrokers Malawi, Continental Capital kapena Cedar Capital. Mumatenga chiphaso cha unzika ndi zikalata zina zomwe angakuuzeni, amakutsegulirani akaunti yosungira masheya ya CSD, mumayika ndalama n'kuwauza chomwe mukufuna kugula. Iwo amadula komishoni pogula ndi pogulitsa pomwe. Amene akukuuzani kuti mumutumizire ndalama pa nambala yake ya foni akuguliranimo, ameneyo ayi. Ovomerezeka amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, mukhoza kufunsa kumeneko.

Kwa abale omwe ali ku UK, manesi ndi ogwira ntchito yosamalira okalamba aja, n'zophweka, mumatsegula akaunti pa Hargreaves Lansdown, AJ Bell kapena interactive investor n'kugula pa foni. Mukagulira mu akaunti yapadera yotchedwa Stocks and Shares ISA simulipira msonkho pa phindu ndi pa dividendi, ndipo malire oyikamo ndi mapaundi 20,000 pa chaka. Pogula masheya a trust ya ku UK pali kamsonkho ka stamp duty ka 0.5 peresenti. Muli ku Malawi koma mukufuna za ku London, pamenepo pali malamulo a katulutsidwe ka ndalama zakunja, ndipo forex yake mukuidziwa momwe ikuvutira.

Fizi ya manijala ya 1 peresenti pa chaka ndi kanthu ngati?

Ndi kanthu kwambiri, kungoti sikaoneka chaka chimodzi. Tiyerekeze miliyoni imodzi ikukula ndi 7 peresenti pa chaka kwa zaka 30, phindu likubwerera momwemo, imafika cha m'ma 7.6 miliyoni. Yomweyo ikamakula ndi 6 peresenti chifukwa 1 ija ikupita kwa manijala, imafika cha m'ma 5.7 miliyoni. Pafupifupi mamiliyoni awiri apita ndi kanambala komwe simunakalabadire. Ndiye musanagule pezani pepala la trust-yo lomwe limatuluka mwezi ndi mwezi kapena lipoti la pachaka, muone fizi, muone makampani khumi akuluakulu omwe ali m'kati, ngongole yake ndi yochuluka bwanji, ndipo ili pa discount kapena premium. Ngati simungathe kufotokozera mnzanu zomwe trust-yo imagula, musagule kaye.

Mnzanga akuti kuli investment yopereka 30 peresenti pa mwezi, ndi trust imeneyo?

Ayi. Imeneyo ndi yomwe ija ya MMM, yomwe inalonjeza 30 peresenti pa mwezi n'kudya ndalama za anthu ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku Nigeria cha m'ma 2016. Oyamba amalipidwa ndi ndalama za obwera pambuyo, obwera akatha zonse zimagwa. Trust yeniyeni siyilonjeza nambala, siyikupatsani bonasi mukabweretsa mlamu wanu, ndipo mtengo wake aliyense akhoza kuuona poyera pa msika.

Ndikafuna ndalama zanga mwadzidzidzi zimatuluka msanga?

Ku London trust yaikulu mumagulitsa mphindi yomweyo msika ukakhala wotsegula, ndalama n'kulowa pakadutsa masiku ochepa. Ku msika wathu wa ku Blantyre zimatengera ngati kuli wogula, pali masiku ena sheya imatha osagulitsidwa n'komwe, ndiye mukhoza kudikira kapena kutsitsa mtengo kuti wina akopeke. Kulikonseko mtengo womwe mupeze ndi wa tsiku limenelo, osati womwe munagulira, ndipo tsiku lomwe mwapanikizika likhoza kupezeka kuti ndi lomwe msika uli pansi. Komanso uzani a kunyumba kuti muli ndi masheya ndipo broker wanu ndi uti, mulembe mu wilo ngati muli nayo, chifukwa masheya a m'kompyuta saoneka ngati nyumba kapena galimoto, ndipo dividendi imatha kumangowunjikana kwa zaka ana osadziwa kuti bambo kapena mayi awo anasiya kanthu.